Misomali Yowongola ya Amalume

Chitini cha jamu chodzaza misomali chikadali pa windo langa ku Brakpan. Ina yachita dzimbiri, ina ili ndi zipsera za hamala pomwe amalume ankaimenyera pamwala kuti iwongoke. Yonse inazulidwa m'nyumba imodzi, ndipo nyumbayo tinaigwetsa tokha.

Ndinali mu giredi yachinayi. Tinkakhala m'kanyumba ka malata, kamene ku Joni kuno amati mkhukhu, pamalo amene anthu anangomangapo popanda chilolezo. Bambo ankalondera nyumba za anthu olemera ku Bedfordview ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Za pakhomo ankagamula ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anagwira ntchito m'migodi ya golide mpaka chifuwa chinawakana.

Dzinja limenelo kunabwera galimoto ya boma yokhala ndi chimkuzamawu. Inalengeza kuti nthaka ya pansi pathu ndi yamphako, ikhoza kutimeza tsiku lililonse, choncho aliyense achoke. Maenje ongotseguka okha pansi analipodi. Ndinaona ndi maso anga limodzi litameza chimbudzi chathunthu. Koma analipo ine ndisanabadwe, ndipo boma silinasowepo tulo chifukwa cha iwo.

Amayi anali m'chikuta. Mlongo wanga anali asanagwe mchombo, ndipo kwathu mwana wotere satuluka panja, sagwiridwa ndi munthu wamba, kuopa tsempho. M'nyumba munkanunkha palafini ndi matewera onyowa, ndipo mvula ikamenya denga tinkalankhulana ndi manja.

Anansi athu achizulu ndi achisutu anakana kuchoka. Ankati boma libwere ndi chilolezo cha khoti. Amalume anapukusa mutu.

"Mlendo sakangana ndi mwini mudzi. Boma ndi boma," anatero. "Nanga anyamata a boma ogwetsa nyumba akalowa muno n'kumugwira mwanayu ndi manja awo otentha, tidzawauza chiyani akumudzi?"

Panalinso chimene sankachitchula: masiku a pasipoti ya amayi anali atatha.

Choncho amalume anayamba kuphwasula nyumba yathu okha. Anachotsa khoma limodzilimodzi, n'kusiya ngodya imene amayi anakhalamo atadzifunda bulangete ndi mwana. Ine ntchito yanga inali kutola misomali m'matope.

"Usataye ngakhale umodzi, iwe. Uko tikupitako tikamangira yomweyi."

Tinakweza zonse pa bhaki, kagalimoto ka katundu ka munthu wa kutchalitchi kwathu, kupita ku Etwatwa komwe tinapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni. Mchombo unagwa tili panjira, pakati pa mabampu. Mwambo umati ukwiriridwe pakhomo panu. Amayi anaumanga pa nsonga ya chitenje, n'kunena kuti udikire tipeze pathu.

Amene anatsala aja boma linawagwetsera nyumba ndi zitsulo, katundu ali momwemo. Atolankhani anajambula, maloya anatenga nkhaniyo, ndipo mvula ya chaka chotsatira itayamba khoti lalikulu linagamula. Ndinamva kwa aphunzitsi, amene anabwera ndi nyuzipepala m'kalasi n'kulemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Boma lilibe mphamvu yogwetsa nyumba ya munthu popanda chilolezo cha khoti, ngakhale litanena kuti pali ngozi. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza aliyense. Ochotsedwawo boma liwapezere malo.

"Aliyense," anabwereza aphunzitsi, akundiyang'ana ine.

Ndinathamanga mpaka kunyumba. Mawa lake amalume anavala jekete lawo la ku Mgonero, n'kunditenga kuti ndikawamasulire Chingerezi, poti iwo ankadziwa Chifanakalo cha m'migodi chokha. Mu ofesi ya boma yolembetsa ofuna malo munali fungo la viniga. Mkulu amene tinamupeza ankadya tchipisi papepala, ndipo anafunsa funso limodzi: anagwetsa nyumba yathu ndani?

Amalume anawongola msana. "Muuze kuti ndekha. Sindinavutitse boma ngakhale pang'ono."

Ndinamasulira bwinobwino, monyadira.

"Ndiye inu simunathamangitsidwe. Munasamuka mwa kufuna kwanu," anatero mkuluyo, akunyambita chala. "Wotsatira!"

Amalume anawomba m'manja pang'onopang'ono, monga timachitira kwa akuluakulu, n'kunena kuti zikomo bwana. Kuwomba m'manja kumeneko kumandichititsa nseru mpaka lero, ndipo nseruyo si ya pa amalume ayi.

Ndakhala pa mabenchi a makhoti zaka zambiri ndikulemba nkhani za m'nyuzipepala. Chigamulo chija ndinachipeza ndipo ndinachiwerenga chonse. Mulibe chiganizo chonena kuti wozula yekha misomali galimoto ya boma ili pakhomo ndiye kuti wavomera. Mkulu uja anangochipeka pakati pa tchipisi ziwiri, atayang'ana jekete lakale ndi kumva kalankhulidwe kathu. Anadziwa kuti munthu wonena zikomo sabwereranso ndi loya. Oweruza analemba mawu abwino, koma anawasiya m'manja mwa anthu omwewo amene anawapeza olakwa.

Tsiku la ku ofesi lija tinabwerera kunyumba. Amalume anapachika jekete n'kukhala pa kreti, akutsokomola. Amayi anawayang'ana kanthawi, kenako anamasula nsonga ya chitenje chija. Anatenga supuni, n'kupita pansi pa mtengo wa mapichesi wa eni nyumba, osapempha. Anakumba, anaika kanthu kouma kaja, anakwirira, n'kupondapo ndi chidendene.

Ine ndinasangalala. Ndinkadziwa kuti mchombo umakwiriridwa pakhomo pa eni mwana, ndiye ndinaganiza kuti malo athu ndi amenewa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa chitini changa, n'kuchiika pamapazi pa amalume.

"Yonse ilipo, amalume. Tiyamba liti?"

Anangotsokomola, ndipo ndinayesa kuti sanamve chifukwa cha chifuwa.