Laputopu ya malemu ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinayatsa laputopu ya malemu ababa kuti nditengemo zithunzi zawo. Imangoima, fani ikulira ngati chigayo. Ndiye ine ndi amayi tinapita nayo kwa wokonza ku Boma.

Iye wati sinawonongeke, koma memore ikudzaza. Masamba a pa intaneti amene ababa anawasiya osatseka amatsegukanso okha ukangoyatsa. Akuti tikawatseka iyenda bwinobwino.

Titawayang'ana, pafupifupi onse ndi mapu a kwawo kuseri kwa Milange, kumene anathawa nkhondo. Tsamba lina analikulitsa mpaka pa kamtsinje kamene ankasambako ali mwana.

Amayi anamugwira dzanja wokonzayo. "Musatseke, bambo. Anali asanafike kwawo."

Tabwera nayo choncho. Achimwene, achemwali, titani? Ine kutseka sindingathe.