Tsiku Limene Ndinatsokomolera Amuna Anga

Amuna anga ankathyola tiyi, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya esiteti. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: ntchito ikatha, bweza makiyi. Kumudzi tinalibe munda. Kamalo kamene makolo anapeza ku Chinakanaka atachoka ku Mozambiki, abale anali atagawana kale mpaka patsinde pa mango.

Patapita zaka zingapo chiyambireni ntchito ya tiyiyo, bambowa anayamba kudandaula dzanzi m'mapazi. Ankati akamayenda amamva ngati akuponda thonje. Tsiku lina silipasi inawavuka panjira, iwo n'kufika pakhomo osadziwa kuti phazi limodzi likuponda pansi. Ndinawaseka kwambiri, ndipo kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero. Kapitawo atawaona akupunthwa m'mizere ya tiyi, anawalamula kuti akayezetse kuchipatala, abwere ndi kalata.

Mayi wina woyandikana nafe anali atayezedwapo, ndiye anatiululira zonse. Amakuuza kuti utsinzine, kenako amakukhudza kuphazi ndi kaulusi kolimba ngati ka mbedza. Ukamva umati eya. Ukapanda kumva, amalemba. Bambo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, akandilemba kuti ndikudwala ntchito n'kutha, anawa tikawagoneka kuti?"

Nzeruyo ndinabwera nayo ndine, sindinganamizire munthu. Ndinati ndikakhala pambali, kaulusi kakangokhudza ndizikatsokomola pang'ono, iwo azikati eya. Tinayeserera pakhonde ndi nthenga ya nkhuku mpaka zinatheka. Ndinadziona wochenjera kuposa anthu a sukulu.

Adokotala anali munthu wofatsa koma wotopa, mzere wa odwala utafika panja. Anagogoda mawondo a bambo ndi kanyundo ka labala, mwendo n'kugwedezeka pang'ono. Kenako anawauza kuti atsinzine, iwo n'kuwerama ndi kaulusi kaja. Anakhudza chala chachikulu, ine khosokhoso, bambo eya. Anakhudza chidendene, chimodzimodzi. Atafika phazi lachiwiri anadzutsa mutu.

"Mayi, chifuwachi munayezetsa?"

"Ndi fumbi la m'minibasi, adokotala."

Analemba m'kabuku ka kuchipatala kuti mapazi akumva. Anati ankaopa kuti mitsempha yayamba kufa, koma mwina kwangokhala kutopa. Anatipatsa mapilitsi ndi kalata ya kapitawo. Pobwerera tinagula mandasi pa Chitakale, tikudya ngati tapambana mlandu.

Mvula itayamba, bambo anaweruka tsiku lina bwinobwino, akuimba mluzu. Povula jombo, magazi anakhuthukira pakhonde. Chitsa chosongoka cha tiyi wodulira chinali chitaboola jombo n'kulowa m'phazi, iwo agwira ntchito tsiku lonse osamva kanthu. Ndinatsuka bala ndi madzi amchere, iwo akungondiyang'ana ngati ndikutsuka phazi la munthu wina. Pamenepo m'pamene ndinachita mantha.

Balalo silinapole, linayamba kununkha. Tinabwerera kuchipatala kuja n'kupeza adokotala omwe aja. Atayeza magazi anapeza shuga, ndipo anati ndiye anali kupha mitsempha mwakachetechete. Anatsegula kabuku, anawerenga zimene analemba okha, n'kupukusa mutu.

"Koma miyezi yapitayi bambowa ankamva. Ndikanadziwa, shugayu tikanamupeza kale, ndipo ndikanakuuzani kuti muziwayang'ana mapazi tsiku lililonse."

Anandiyang'ana kanthawi. Sindikudziwa ngati anakumbukira chifuwa chija. Ine ndinangoyang'ana simenti.

Phazilo analidula. Patangotha mwezi tinabweza makiyi, n'kukapempha kachipinda kwa alamu anga ku Chinakanaka, kumene ana ankagona pamodzi ndi matumba a nandolo.

Amuna anga sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Zaka zonse zimene anakhala pamkeka ndi ndodo zawo pambali, ndikatsokomola ndi utsi wa kukhitchini, iwo ankatsinzina n'kunena kuti "eya," kuti andiseketse. Anachita zimenezi mpaka chaka chimene anamwalira, koma ine sindinasekepo.