Chingwe cha Amakanika a Kompyuta

"Galimoto yanuyi, achimwene, inazolowera mpweya wa ku Durban. Wa kuno ku Ntchisi ikuukana."

Awa ndi amakanika oyandikana nafe nyumba, omwe pa Boma amatchuka kuti amachiza magalimoto ndi kompyuta. Amavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Akatsegula laputopu salola munthu kuima kumbuyo kwawo, ndipo funso lililonse amaliyankha kuti, "Zimenezo n'zam'kati."

Ndili ku Durbanko ndinaika paipi yaikulu yolowetsa mpweya mu injini, ndiye kachipangizo koyeza mpweyawo kanasokonekera. Tsopano galimoto imatsamwa pa chitunda chilichonse, chonsecho Loweruka ndiyenera kukatenga amayi ku Mvera kupita nawo kuchipatala.

"Ndiilembera mpweya watsopano," anatero akudina mabatani mwamphamvu. "Inu kamweni kaye tiyi."

Sindinapite. Ndinagwetsa dala makiyi n'kuwerama. Chingwe cha laputopu chinalowadi kunsi kwa chiwongolero, koma mutu wake unali lendee, wosalumikizidwa paliponse.

"Bambo, chingwechi chikulankhula ndi ndani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Zamasiku ano zimamva patali. Mwakhalitsa kunja, achimwene, kuno zinthu zinasintha."

Ndinazinga chingwecho n'kuwabwezera. Sanakwiye, anangotulutsa kabotolo m'thumba la ovololo. "Ndiye gulani aka, mukatsukire nokha kachipangizoko. Fumbi la kuno silisankha zakunja."

Ndinagula, chifukwa Loweruka silidikira. Pobwerera kunyumba ndinkangokanunkhiza, kuopa kuti andigulitsa madzi a pa mjigo.