Madzi Anafika Ine Ndili ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni patatha sabata zitatu chiikireni maliro a amuna anga. Kolera inawatenga m'masiku awiri okha. Kwathu, kufupi ndi Nkopola, tonse tinkamwa madzi a m'nyanja, momwemonso tinkachapira ndi kusamba. Ndinasiya mwana wanga Asiyatu, wazaka zisanu ndi zinayi, m'manja mwa achemwali anga a Patuma, n'kukwera basi.

Ku Durban ndinapeza ntchito ya m'nyumba. Nyumbayo inali ndi zimbudzi zinayi, anthu atatu. Ndikamasambitsa mwana wa abwana m'madzi ofunda, ndinkadzifunsa ngati Asiyatu wamwa madzi owiritsa tsiku limenelo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma chimene ndinkadikirira ndi mawu amene achemwali ankajambula n'kunditumizira pa foni. Ndinkawamvetsera mobwerezabwereza, ngakhale akungonena za kukwera mtengo kwa usipa.

Chaka chachinayi a Patuma anandiuza kuti kunabwera a boma pamodzi ndi a bungwe lina, n'kulonjeza mipopi ndi zimbudzi zapasukulu. Mbali ya mudzi inali kuumba njerwa ndi kukumba ngalande. Ndinaseka, poti malonjezo otere tinawamvapo kale.

"Ife tikumba," anatero achemwali. "Akapanda kubwera, manyazi akhale awo."

Ngalandeyo inakhala chaka chathunthu yopanda paipi, mbuzi zikugweramo. Kenako achemwali ananditumizira chithunzi: thanki pamwamba, masola pambali, Asiyatu atatchera manja pampopi. Anali atatalika moti ndinayamba ndamukayikira. Ndinakalirira m'bafa la eni nyumba, nditatsegula madzi kuti asandimve.

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa mwake ndinatenga ndowa n'kupita kumpopi ndi Asiyatu, ndikulakalaka kuima pamzere ndi anzanga akale. Ndinawapeza akuseka za masiku a ngalande, za amene anathyola makasu awiri, za amene ankathawira kudimba. Aliyense anali ndi nkhani yake, kupatula ine. Atandiona anasuntha ndowa zawo.

"Apatseni mpata alendo atunge," anatero mayi wina amene tinavinidwa limodzi.

Ndinakana, koma anaumirira. Ndowa itadzaza, Asiyatu anandisenzetsa. Khosi linanjenjemera, madzi n'kunditayikira kumsana. Iye ananditula ndowayo, naisenza yekha.

"Tiyeni amayi, muzingonditsatira."

Ndinayenda pambuyo pake chimanjamanja, m'kanjira kamene sindinkakadziwa.