Dzino ndi pulayazi ya njinga

Ndikadutsa pokonzera njinga mu Chipata, ndimafulumira kuthawa fungo la girizi. Ndisanasiye sukulu anatiphunzitsa kuti mankhwala ochititsa dzanzi anatulukiridwa kalekale. Kwathu ku Madzimoyo sindinawaonepo.

Dzino litanditupitsa tsaya, amayi ananditengera kwa amalume, okonza njinga. Anandigoneka pa saka, amayi n'kundikhalira pamiyendo. Amalume anapukuta pulayazi pa buluku, nandikanikiza pachifuwa ndi bondo.

"Yasama, iwe! Ukandiluma ndikugulula onse."

Chitsulo chinkamveka dzimbiri palilime. Anapotokola, nsagwada inalira, magazi n'kudzaza kukhosi. Anakweza dzino m'mwamba, loyera bwino, lopanda bowo.

Amayi anasuzumira m'kamwa mwanga.

"Achimwene, lobooka lija likadalipo."

Amalume anaponya dzino labwinolo ku nkhuku.

"Mgwire zolimba, mlongo. Iwe, yasamanso."