Nsalu Imene Inaumira M'manja Mwanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira, m'nyengo ya chiperoni. Tinkakhala ku Bangwe. Amayi ankaluka tinsalu toyera ta maluwamaluwa toyala pa mipando ndi pa matebulo. Nsalu yomaliza, yaikulu, anaimalizira m'chipatala. Inabwera kunyumba m'jumbo pamodzi ndi zovala zawo, itakwinyika ngati chisanza.

M'nyumba azimayi a mpingo ankaimba, ena akulira. Ine sindinkamva kanthu. Ndinkangoyang'ana nsapato zimene zinaunjikana pakhomo, mpaka amayi aang'ono a ku Machinjiri, obadwa mimba imodzi ndi amayi, anandikoka mkono.

"Mwanawe, dzuka. Bokosi la achemwali likufika masana. Nsalu iyi ikhala pamwamba pake, koma osati ili chonchi."

Tinapita kukhonde la kuseri. Tinaichapa, n'kuiviika m'madzi owiritsa a ufa wa chinangwa kuti ikauma ilimbe. Iwo anatambasula katoni ya sopo, anavundikirapo beseni, n'kulemba mzere wozungulira ndi pensulo. Mapini anali ochepa, choncho tinasongola timitengo ta tsache. Misomali anaikana, anati imasiya dzimbiri.

Tinayala nsalu ija pa katonipo, ine n'kuyamba kuibaya m'mphepete motsatira mzere, pini pafupi ndi inzake. Anandigwira dzanja.

"Ayi. Ukabaya uku, baya kutsidyako, ikokeke mofanana. Uonetsetse bwino, chifukwa mmene iumire ndi mmene ikhalire."

Maluwa aja anayamba kutseguka limodzilimodzi. Pakati anali othina bwino, koma cha kumphepete ulusi unali wolekerera, ndipo ndinadziwa kuti apa ndi pamene manja a amayi anayamba kufooka. Ndinangoona basi, n'kubaya pini ina.

Dzuwa silinatuluke. Tinasendeza katoni pafupi ndi mbaula, ine ndikukupiza ndi chivundikiro cha poto, koma galimoto yonyamula bokosi inafika nsaluyo idakali yachinyezi. Tinazula mapini momwemo. Anaiyala pa bokosi, ndipo ndinamva anthu akuiyamikira. Kumanda, bokosi lisanatsike, amayi aang'ono anaichotsa n'kundipatsa. Ndinaifumbata mwambo wonse, pobwerera, mpaka kunyumba. Sindinalire. Tsiku lotsatira ndinaipeza itauma gwa, ili ndi makwinya a zala zanga.

Lero inenso ndimaluka, ndipo ndawongola nsalu zambiri za anthu. Kukakhala chiperoni sindiyerekeza n'komwe. Ndiye ndimadziwa tsopano kuti amayi aang'ono, amene ankaidziwa ntchitoyi kuposa ine, anaoneratu kuti nsaluyo singaume tsiku limenelo. Ankangofuna kuti manja anga akhale ndi chochita.

Nsaluyo ili m'sutikesi, mmene inaumira muja. Kungoinyowetsa, n'kuibaya mapini, ikhoza kuwongoka bwinobwino. Mpaka lero sindinainyowetse.