Batani Lofiira

Ndimaionabe kaseti ija itakulungidwa m'kansalu kabuluu pansi pa sutikesi ya agogo, ikununkha sopo ndi zovala zakale. M'menemo munali mawu a mayi anga. Anamwalira ndikadali kumsana, koma asanadwale ankaimba kwaya kumpingo kwathu ku Mwambo, ndipo wina anawajambula akutsogolera nyimbo imodzi. Agogo amene anandilera analibe choimbira kasetiyo. Ankangoitulutsa nthawi zina, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuibwezera.

Ndinali mtsikana wosayankhulayankhula, koma nyimbo zinkandigwira miyendo. Akandituma kumjigo ndinkaima kuseri kwa okala yapamsewu, chidebe chili pamutu, mpaka nyimbo itatha. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 mpunga unabereka kusikimu ya Likangala, ndipo titamaliza kupuntha, thupi lonse likuyabwa, agogo anati thumba limodzi ndi langa, poti ndine ndinkapirikitsa mbalame nyengo yonse. Tinaligulitsa, n'kukwera kabaza kupita ku Songani.

Wogulitsa, bambo wachikofia choyera, anatiikira zinthu ziwiri pathebulo. China chinali kasipika katsopano kolowetsa kadi, kothwanima magetsi obiriwira, konga kamene anzanga onse ankakalota. Chinacho chinali wailesi yakale ya kaseti, kachitseko kake komanga ndi mphira. Thumba limodzi silikanagula zonse ziwiri. "Anganga, ana a masiku ano akutenga aka," anatero bamboyo. "Chinkhalamba ichi chimadya mabatire ngati mbuzi m'dimba." Agogo anangondiyang'ana. Maso anga anali pa kasipika, koma chala chinaloza wailesi.

Mayi anga anali ndi mawu aang'ono, okwera, ndipo ankakoka mpweya mwamphamvu asanayambe ndime iliyonse. Agogo anamvetsera kamodzi kokha, anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, osadzakhalanso pafupi nyimboyo ikamaimba. Ine ndinkaimva masana alionse pakhonde, mphepo yakunyanja ikubweretsa fungo la matope ndi utsi wa matemba owamba, mpaka ndinaloweza paliponse pamene mayi ankapumira.

Tsiku lina batani loimbira linalimba. Ndinalikanikiza ndi zala ziwiri, osaona kuti lofiira lojambulira lapambali pake latsikanso. Palibe chinamveka. Ndinati ndi mabatire, ndinaisiya wailesi pomwepo n'kukathandiza agogo kupeta mpunga. Nditabwerera ndinapeza kaseti ikuzungulirabe, ndipo ndinaiimitsa msanga. Nditaibweza, mayi anga munalibe. Munali phokoso la lichero, nkhuku, ndi agogo akukalipa kuti, "Iwe, nkhukuzo ukuzionerera ngati alendo ako?" Kenako, chapansipansi, agogo omwewo, amene ankathawa nyimbo ija, anali kuing'ung'udza akupeta. Ndinali pambali pawo tsiku limenelo, koma sindinawamve.

Sindinawauze. Kuyambira pamenepo ndinkangotsegula wailesi kumvera za maliro ndi zamalonda, ndipo iwo sanafunse chifukwa chake kwaya inaleka kumveka pakhonde. Ankakonda kunena kuti madzi akatayika saoleka, koma nthawi imeneyi ngakhale mawu amenewo sanawanene. Mwina ankadziwa. Anamwalira nyanja itaphwa, mabwato atagona pamatope osweka, ine ndisanapeze pakamwa poyambira.

Lero foni yanga ili ndi nyimbo zoposa zimene ndingamvetsere, koma ndinasakasaka wailesi ina yakale chifukwa cha kaseti imodziyo. Tsiku lija ndinaiimitsa wailesi yoyamba ija itatsala pang'ono kufufuta zonse. Choncho lichero likangoduka, pamamveka kukoka mpweya, kenako mzere umodzi wotsiriza m'mawu aang'ono aja. Agogo amaiyamba nyimboyo, mwana wawo n'kuimaliza, ndipo ine ndimakhala pakati pawo, chala chili kutali ndi batani lofiira.